Akavalo akale akamapangidwanso: kodi athu atsika mtengo?

A Phiri, Kasungu boma

Moni nonse. Ndili ndi funso kwa anzanga amene mumasunga zidole za akavalo, chifukwa kuno kwathu tilipo ochepa ndipo ndilibe munthu wapafupi woti ndikambirane naye nkhaniyi. M'magulu a pa Facebook a anthu osunga akavalo a Breyer, kampani ya ku America yopanga zidole za akavalo zapulasitiki, mwakhala mukubuka mkangano nthawi iliyonse kampaniyi ikalengeza kuti yatulutsanso kavalo wa chikombole chakale, makamaka ikamupaka utoto wofanana ndi umene unkapakidwa zaka zambiri zapitazo. Ena amasangalala, akunena kuti tsopano apeza mwayi wokhala ndi kavalo amene ankangomuona pa zithunzi, pamene ena amakwiya kwambiri, akunena kuti kampani yawatsitsira mtengo wa chinthu chimene anachisaka movutikira.

Ine ndili ndi kavalo mmodzi amene ndimamukonda kuposa onse, ndipo ndinamupeza pa kaunjika pakati pa zidole za ana. Ndi woyera, wonyezimira, waimirira ndi miyendo yakumbuyo ndipo mchira wake ukugunda pansi kuti asagwe; ubweya wa pakhosi ndi mchira ndi zotuwa, ndipo mkati mwa mwendo wakumbuyo muli chidindo chozungulira cholembedwa Breyer Molding Co. Ndaona zithunzi za akavalo atsopano oima chimodzimodzi, a mitundu yosiyanasiyana, akugulitsidwa ali m'mabokosi awo. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti wangayu alibenso phindu? Nanga munthu angasiyanitse bwanji wakale ndi watsopano? Ndikufunanso kumva ngati n'chanzeru kwa ife okhala kuno kuthamangira akavalo apadera amene amatulutsidwa ochepa, poganizira mmene ndalama zakunja zikuvutira.

A Mwale, Mtunthama

Bambo Phiri, poyamba ndikuyamikireni, chifukwa malinga ndi mmene mwamufotokozera, kavalo wanuyo ndi wa chikombole chimene chimatchedwa Fighting Stallion, chimene chinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1961 ndipo anachiumba ndi Chris Hess, mmisiri amene anaumba akavalo ambiri akale a kampaniyi. Mwanena kuti ndi wonyezimira, ndipo simunatchule kuti pafupi ndi chidindocho pali mawu oti USA. Tamuyang'aneninso bwino pa kuwala. Mawu amenewa anayamba kuikidwa pa zikombole zambiri cha m'ma 1970, choncho ngati palibe, ndipo utoto wake ndi wonyezimira chomwecho, pali mwayi waukulu kuti kavaloyo anapangidwa m'zaka za m'ma 1960.

Kuti mumvetse mkangano mukuunenawo, ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, chikombole ndi utoto. Chikombole ndi chachitsulo, ndi chokwera mtengo kwambiri kuchipanga, ndipo kampani ikachipanga imachisunga kwa zaka makumi ambiri. Pulasitiki wosungunuka amathiridwa m'menemo mwamphamvu, kavalo n'kutuluka ali zibenthu ziwiri zimene amazimata pamodzi, kenaka amapala msoko ndi kumupaka utoto pamanja ndi kachipangizo kopopera. Chikombole chimodzi chikhoza kutulutsa akavalo ofiira chaka chino, akuda chaka chamawa, amawangamawanga chaka chinacho, ndipo uliwonse wa mitunduyi umakhala ndi nambala yake ndi zaka zake zimene unagulitsidwa. Kotero kuona Fighting Stallion watsopano m'bokosi si chachilendo, popeza kampaniyi yakhala ikuchita zimenezi kuyambira kalekale. Chimene chimautsa mapiri pachigwa ndi pamene utoto wakale weniweniwo wabwezeredwa pa chikombole chakale chomwecho.

Nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri ndi ya akavalo okongoletsera nyumba a m'zaka za m'ma 1960, amene anapakidwa utoto umene kavalo weniweni sangakhale nawo: wabuluu wotchedwa Wedgewood, wabuluu wamawanga wotchedwa Copenhagen, wagolide wotchedwa Gold Charm ndi wagolide wamawanga wotchedwa Florentine. Pa nthawi imeneyo sanayende malonda, ndipo kampani inasiya kuwapanga posakhalitsa. Chifukwa cha kuchepa kwawoko, lero ali m'gulu la akavalo amene osonkhanitsa amawasaka kwambiri. Patapita zaka kampani inayambanso kupaka mitundu imeneyi pa akavalo ena, ndipo mu 2012 inakhazikitsa Vintage Club, gulu la anthu owerengeka amene amalembetsa chaka ndi chaka kuti azigula akavalo opakidwa motsanzira akale. Komabe akavalo oyambirira aja sanasiye kufunidwa. Munthu amene akufuna wa m'ma 1960 amafuna iyeyo basi, ndi pulasitiki wake, ndi kapoperedwe ka utoto ka nthawi imeneyo kamene kamasefukira pang'ono m'mbali, ngakhale ndi timikwingwirima take tapamakutu. Zili ngati chitenje cha maluwa akale chimene chabweranso pa msika: amayi achigula mosangalala, koma palibe amene angachisinthanitse ndi chija chimene agogo anasunga m'sutukesi.

Posiyanitsa, musadalire chidindo chokha, chifukwa chidindo chili pa chikombole ndipo chikhoza kutuluka pa akavalo a zaka zosiyana. Kampaniyi inayambira ku Chicago, kumene mu 1950 inapanga kavalo wake woyamba wokongoletsera wotchi ya patebulo, inagulidwa ndi kampani ya Reeves International mu 1984 n'kusamukira ku New Jersey, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ntchito yopanga akavalo inapita ku China. Nthawi iliyonse mwa zimenezi ili ndi dzanja lake. Atsopano amakhala ndi malire a utoto oonekera bwino, maso ojambulidwa mosamala, ziboda zopakidwa mwaukhondo, ndipo ambiri ali ndi timanambala tosindikizidwa kunsi kwa chiboda chimodzi. Amene anatulutsidwira kalabu kapena mwambo wapadera kawirikawiri amakhala ndi mawu osindikizidwa pamimba. Akale alibe zonsezi. Maganizo anga ndi oti kavalo wanu sanataye kanthu.

Mayi Nabanda, Kamwendo

Ine ndimagulitsa zidole za m'mabelo, ndiye ndilankhula monga munthu amene amaziona zikutuluka m'thumba. Akavalo a Breyer aakuluwo amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo ambiri amafika atathyoka khutu kapena mwendo, chifukwa mkati mwawo ndi mopanda kanthu ndipo belo limapanikizidwa kwambiri. Amene amapezeka kawirikawiri ndi a Schleich a ku Germany, ang'onoang'ono, olemera m'manja, osathyoka msanga. Nawonso kampani yawo imasiya kupanga ena n'kutulutsa atsopano, nthawi zina chikombole chomwecho ndi utoto wina, ndipo ndaona anthu akunamizana chifukwa cha chaka chimene chimalembedwa kumimba. Chaka chimenecho ndi cha chikombole, si chaka chimene kavalo amene mwamugwirayo anapangidwa, choncho munthu asakukwezereni mtengo pongoloza nambala imeneyo.

Bambo Phiri, chimene chingatsitse mtengo wa kavalo wanu kuno si kampani ya ku America ayi, koma kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Ndinaonapo kavalo wokongola amene mwini wake anamuika pamwamba pa kabati, pafupi ndi malata, miyendo yake n'kupindika mpaka kulephera kuima. Wina anafufuma mimba chifukwa kabowo kotulukira mpweya, kamene kamakhala pa mphuno kapena pa ngodya ya kamwa, kanatsekeka. Muikeni pamalo ozizira, kutali ndi utsi wa kukhitchini umene umachititsa zoyera kusanduka zachikasu, ndipo pomutsuka mugwiritse madzi ofunda pang'ono, sopo wofewa ndi kansalu. Mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo musawayandikize n'komwe, chifukwa amasungunula pulasitiki wa mtundu umenewu.

A Zulu, Mchinji boma

A Mwale afotokoza bwino mbiri, koma pa nkhani ya anthu amene amakwiya ndikuona kuti awapeputsa. Si onse amene amadandaula chifukwa cha umbombo. Pali kusiyana pakati pa kavalo amene anasowa yekha chifukwa cha kupita kwa zaka, monga wa a Phiri, ndi kavalo amene anagulitsidwa pa mtengo wokwera kuyambira tsiku loyamba chifukwa choti analengezedwa kuti ndi ochepa. Woyambayo palibe amene analonjeza kanthu za iye. Wachiwiriyo wogula analipirira zinthu ziwiri, kavaloyo ndi kuchepa kwake. Tsono pakapita zaka zochepa n'kutuluka wina wa chikombole chomwecho, utoto wongosiyana pang'ono, mwina mwendo umodzi woyera kapena kunyezimira kokha, munthu uja ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, ngakhale kuti pa pepala lonjezo silinaphwanyidwe.

Tiyeni tione mmene akavalo apaderawa amafikira kwa anthu. Chaka chilichonse mu Julaye kumachitika BreyerFest ku Kentucky Horse Park, mumzinda wa Lexington, mwambo umene unayamba mu 1990. Wogula tikiti yaikulu amalandira kavalo wa chakacho, ndipo tikitiyo ndi imene imamupatsa mpata wogula ena apadera amene sagulitsidwa m'masitolo. Palinso ena amene amatulutsidwa pa intaneti kwa mamembala a kalabu, ndipo chifukwa ofuna amachuluka kuposa akavalo, amachita maere kuti apeze amene aloledwe kugula. Zotsatira zake n'zakuti tsiku lomwelo akavalo aja amayamba kuoneka pa eBay, msika wa pa intaneti, pa mtengo wokwera, akugulitsidwa ndi anthu amene analowa maere n'cholinga chogulitsanso basi. Ife a kuno sitingakhale pa mzere ku Lexington, choncho nthawi zambiri timagula kwa mavenda amenewa, pa mtengo umene wakwera kale, kenaka n'kuonjezera ndalama yotumizira ndi msonkho. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kavalo mmodzi wamkulu wotere akufanana ndi ndalama imene banja lingagulire matumba a feteleza. Munthu amene walipira zonsezi, akaona mchimwene wake wa kavaloyo akugulitsidwa kwa aliyense pa mtengo wamba, mtima umamuwawa, ndipo ine sindimuweruza.

Palinso vuto lina limene kupanganso akale kumabweretsa, ndipo ili linandigwera ine ndemwe. Wogulitsa wina wa pa intaneti, amene sindimutchula, anandigulitsa kavalo wonyezimira wakuda wa mchira woyera akunena kuti ndi wa m'ma 1960. Zithunzi zake anazijambula mosaonetsa mimba. Atafika kudzera kwa mlamu wanga wa ku Johannesburg, ndinapeza malo opalidwa pamimba pamene panali mawu osindikizidwa, ndipo kunsi kwa chiboda kunali timanambala tija a Mwale atchula. Kavaloyo ndi wokongola ndipo ndikumusungabe, koma ndinalipira mtengo wa chinthu china. Utoto wakale ukamatsanziridwa bwino, akuba nawo amapeza poyambira.

Mayi Nangozo, Santhe

Ndikupempha kuti ndionjezereko za akavalo adothi, popeza nkhani yake ndi yomweyi ngakhale kuti inayenda njira ina. Malemu bambo anga ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya, ndipo eni ake pochoka anawasiyira kavalo wofiirira wonyezimira, wa miyendo yopyapyala, wokhala ndi chidindo cha Beswick England kumimba. Khutu lake limodzi linamatidwa ndi guluu ndisanabadwe, ndipo mzere wa guluuyo, umene tsopano unada, ndimauona tsiku lililonse ndikamapukuta kabati.

Fakitale ya Beswick inali ku Longton, ku Stoke-on-Trent, ndipo akavalo ake ambiri anawaumba ndi Arthur Gredington, amene anayamba ntchito kumeneko mu 1939. Kampaniyi inagulidwa ndi Royal Doulton mu 1969, ndipo mu 1989 akavalo omwewo anayamba kutuluka ndi chidindo cha Royal Doulton. Fakitale inatsekedwa mu 2002, koma patapita nthawi yochepa dzinalo linagulidwa ndi kampani ina, ndipo zinyama zatsopano zinayamba kugulitsidwa pa dzina loti John Beswick. Osonkhanitsa a ku England anagawanika monga mmene a Mwale ndi a Zulu agawanikira pano. Amene amadziwa zinthuzi amati chikombole cha zadothi chimatha pang'onopang'ono, kotero kavalo woyambirira amaoneka minyewa ndi mitsempha bwino kuposa wotuluka mochedwa, ndipo n'chifukwa chake amayang'ana chidindo ndi kuya kwa mizere asanatchule mtengo.

Ine sindinaganizepo zomugulitsa, ndipo mwina n'chifukwa chake atsopanowo sandipweteka mtima. Ndinasangalala pamene mwana wa mchemwali wanga anandibweretsera kamwana ka kavalo katsopano kuchokera ku Lilongwe, ndipo ndinakaika pambali pa wakaleyo. Koma ndikuvomereza kuti a Zulu akunena za anthu amene anatulutsa ndalama zawo, pamene ine ndinangolandira.

A Mwale, Mtunthama

Achimwene a Zulu, pa nkhani ya wogulitsa wachinyengo uja ndikugwirizana nanu kwathunthu, ndipo aliyense wogula pa intaneti aziumirira kuona chithunzi cha mimba, cha kunsi kwa ziboda zonse zinayi ndi cha mkati mwa miyendo yakumbuyo asanatumize ndalama. Wogulitsa amene akukana kujambula malo amenewa musiyeni.

Pa zina zija ndikusiyana nanube pang'ono. Kampani ikadamatseka chikombole chilichonse pofuna kuteteza mtengo wa amene anagula kale, mwana amene akuyamba lero sakadapeza kavalo wa chikombole cha Fighting Stallion kapena cha Proud Arabian Mare pa mtengo umene makolo ake angakwanitse, ndipo pakapita zaka makumi awiri sipakadakhala munthu wofuna kugula akale athuwa. Amene adzafune wa m'ma 1960 mawa ndi yemwe wayamba ndi watsopano lero. Komanso zinthu zimene zimakwera mtengo kwambiri nthawi zambiri si zimene zinalengezedwa kuti ndi zapadera. Taonani akavalo a nthawi ya vuto la mafuta la 1973, pamene pulasitiki woyera anasowa ndipo fakitale inagwiritsa ntchito wa mitundu ina, n'kumupaka kaye penti yoyera yokhuthala isanapake utoto weniweni. Palibe amene anawapatsa satifiketi kapena nambala, ankagulitsidwa ngati ena onse, koma lero osonkhanitsa amatembenuza kavalo aliyense wa zaka zimenezo kuti aone ngati kunsi kwa ziboda kuli penti yoyera yoteroyo. Zoterezi n'zimene munthu wa ku Kasungu angazipeze pa kaunjika ngati ali ndi diso, popanda tikiti kapena maere.

Mayi Nabanda, pa zimene mwanena za kutentha ndionjezere chimodzi. Akavalo ena a chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa 1990 pulasitiki wawo amawonongeka yekha: amafota, utoto umatuwa, amatuluka timadzi ndipo amanunkha ngati viniga. Mukapeza wotero m'belo, muikeni payekha pamalo opita mphepo, osati m'kabati yotseka pamodzi ndi anzake.

A Zulu, Mchinji boma

A Mwale, mfundo ya ana ndaimva ndipo ndi yoona, chifukwa mwana wanga wamkazi anayamba ndi tiakavalo ta Stablemates, tija timakwana m'dzanja, ndipo tsopano amadziwa mayina a zikombole kuposa ine. Chimene sindisintha ndi ichi: kupanganso kavalo wamba wakale ndi chinthu chabwino, koma kavalo amene anagulitsidwa ndi nambala ya kuchepa kwake ayenera kusiyidwa, ndipo wina wotuluka pa chikombole chimenecho azisiyana naye moonekeratu, osati mongopusitsa diso.

Bambo Phiri, pa funso lanu lomaliza, ine ndinasiya kugula kavalo wapadera m'miyezi yoyamba atangotuluka. Nthawi imeneyo aliyense amakhala akumufuna ndipo mavenda amatchula mtengo umene afuna, koma pakapita chaka ambiri amatsika, kupatula ochepa amene anthu awakondadi. Ngati mwamukonda wina, lembani dzina lake ndi nambala yake, dikirani, ndipo muone mtengo umene ena agulitsidwa kale, osati umene wogulitsa akupempha. Ndalama yotumizira ndi imene imatipweteka kwambiri, makamaka pa akavalo akuluakulu a Breyer otchedwa Traditional amene bokosi lawo limatenga malo, choncho ndi bwino kuti angapo tiziitanitsa pamodzi katoni imodzi. Mlamu wanga abwera pa Khirisimasi kudzera pa Mwami, ndipo m'galimoto mwake mukhala malo a mabokosi awiri kapena atatu. Amene akufuna andilembere kumbali mwezi uno usanathe, kuti katundu akafike kwa iye nthawi ikadalipo. Tumizaninso zithunzi za kavalo wanu woyerayo, makamaka mkati mwa mwendo muli chidindomo, maso ndi kunsi kwa ziboda, kuti a Mwale ndi ine timuone bwino.